Ramadani imene tinataya mowa wa amalume

Birika ya amalume inali yobiriwira, yapulasitiki, ya mizere iwiri yoyera. Chivundikiro chake anachimangirira kuchigwiriro ndi ulusi wakuda wosokera kuti chisasowe. Akakhala pakhomo, birikayo inkapachikidwa pamsomali kuseri kwa mpanda wa chimbudzi. Akamapita kuntchito inkalowa m'jumbo limodzi ndi sizasi, choko ndi tepi yoyezera. Pakhomo pathu panali mabirika awiri. Yabuluu inali ya aliyense. Yobiriwirayo panalibe woikhudza, ndipo panalibe amene anafunsapo chifukwa chake.

Kwa amene sanakulire m'banja la Chisilamu, birika ndi ketulo ya madzi imene munthu amatenga popita kuchimbudzi, komanso posamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, ndiko kuti asanapemphere. Mwamuna wonyamula birika safunsidwa kumene akupita. Akhoza kudutsa pakati pa alendo kasanu ndi kawiri pa tsiku, anthu n'kumangoti ndi munthu waukhondo. Amalume ankadziwika choncho kwa Mponda.

Anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo pa zovala za ukwati ndi mikanjo ya amuna panalibe wowaposa kuderako. Anali mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini mbumba, ndipo ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yathu. Akazi awo anali atabwerera kwawo ku Katuli ndi ana awiri. Tikafunsa, ankangoti sanamvane. Bambo anga anali ku Joni chaka chachitatu, amayi ankagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo mwamuna amene mawu ake ankamveka pakhomo pathu anali amalumewo.

Sindinawaonepo akudzandira. Sindinawamvepo akuimba panjira kapena kutukwana munthu. Ichi ndicho chinatisokoneza, chifukwa chidakwa chimene ife tinkachidziwa ndi chogona m'ngalande, ana akuchiponya miyala. Amalume ankadzuka m'mawa, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi inkagogoda mano. Ankatenga birika, n'kupita kuseri. Pobwera ankathyola tsamba la gwafa, n'kulitafuna, manja ali phee. Ine ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku, osaonamo kanthu. Lero ndikudziwa kuti munthu amene thupi lake lazolowera mowa kufika pamenepo samweranso chisangalalo. Amamwa kuti angofika pamene anzake amayambira tsiku akadzuka.

Chaka chimenecho Ramadani inagwa m'nyengo yotentha, mango asanapse. Amene anakhalapo ku Mangochi nyengo imeneyo akudziwa. Mchenga unkawotcha kupyola m'mapatapata. Malata ankalira okha masana ngati wina akuwaponda. Nkhuku zinkagona pansi pa nkhokwe zitatambasula mapiko, kukamwa kuli yasa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali nditalengeza ku madrasa kuti ndifunga, kusala kudya ndi kumwa, mwezi wonse ngati akuluakulu, osati kulekeza masana monga ana. Amayi anandigulira nsalu yachikasu ya maluwa ofiira kuti amalume andisokere diresi la Idi. Nsaluyo inali mphoto ya kufungako.

Ndinapirira masiku asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi linali Lolemba. Ndinabwera kuchokera kusukulu lilime lili ngati chiguduli, mutu ukugunda kuseri kwa maso. Mtsuko wa madzi unali m'nyumba, koma amayi anali atabwerako kumsika, atakhala pafupi nawo akusankha mpunga. Amalume anali atagona m'kanyumba kawo, monga ankachitira masana onse a Ramadani. Ndinapita kuseri. Birika yabuluu inali youma. Yobiriwira inali yolemera. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaika mlomo wake pakamwa panga, n'kumeza kamodzi kwambiri, ngati munthu wakuba amene akudziwa kuti mwayi wachiwiri sukhalapo.

Sindinamvepo moto wotero. Unatsika pakhosi, n'kubwerera m'mphuno. Maso anadzaza misozi, ndinagwada pansi ndikutsokomola, mpaka amayi anabwera akuthamanga, mpunga uli m'manja.

"Wamwa chiyani iwe?"

Anandimenya khofi limodzi chifukwa cha kumasula swaumu, kusala kwa tsikulo, mobisa. Kenako anandigwira chibwano, kununkhiza pakamwa panga, n'kutola birikayo pansi. Anainunkhiza kamodzi kokha. Anakhala pansi pomwepo, padothi la pakhomo pa chimbudzi, malo amene munthu wamkulu sakhala.

Sanakuwe. Pakhomo pathu mpanda unali wa udzu, ndipo mawu ankadutsa. Anapita kukagogoda kwa amalume, ine ndikutsatira, ndipo zonse zinayankhulidwa monong'ona.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Ndi mankhwala a m'mimba, chemwali."

"Mwana wanga wamwa mankhwala anuwo. Mu Ramadani."

Amalume anandiyang'ana. Nkhope yawo sinali ya munthu wokwiya. Inali ya munthu amene wakhala akudikira tsiku limeneli kwa nthawi yaitali. Amayi anafunsa kuti zinayamba liti. Iwo anati sakukumbukira bwino, koma akazi awo asanachoke. Anafunsa kuti amautenga kuti. Anati kwa wamakala. Kunali bambo wina wa ku Chowe amene ankabwera panjinga kawiri pa sabata ndi thumba la makala, ndipo m'kati mwa thumbalo munkakhala mabotolo a kachasu okulungidwa m'nsanza. N'chifukwa chake makala sankatha pakhomo pathu. Amayi ankayesa kuti ndi kuwolowa manja kwa mlongo wawo, ndipo ankawatama kwa anzawo kumsika.

Anakhuthula thumba la makala pabwalo. Munali botolo limodzi lodzaza. Lina analipeza pansi pa bedi, lina m'bokosi la zidutswa za nsalu. Onse anakawathira m'dzenje la chimbudzi, ndipo birika yobiriwira inatsatira komweko.

Dongosolo la amayi linali lomveka bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti banja lililonse la mumsewu wathu likanachita chimodzimodzi. Anati palibe nthawi yabwino yosiyira kuposa imeneyi. "Mwezi uno asatana amamangidwa," anatero. "Mukalephera mwezi uno, mudzatha liti?" Amalume afunge zenizeni, kuyambira mawa, popanda madzi ngakhale dontho mpaka dzuwa litalowa. Makina osokera abwere pakhonde lathu, kuti pasakhale kupita kumsika. Amayi eniake asiye malonda, akhale pakhomo. Ndipo chachikulu, nkhaniyi isatuluke mpanda. Bambo asamve ku Joni, a shehe a kumzikiti wathu asamve, ndipo ine ndikangotsegula pakamwa kusukulu andidula lilime.

Amalume anavomera zonse. Analumbira, akulira. Ndikufuna zimenezi zilembedwe bwino: munthuyo ankafuna kusiya. Sanakakamizidwe kulumbira. Iwo ndi amene anauza amayi za botolo la m'bokosi la zidutswa, limene sakanalipeza okha.

Chimene panalibe amene ankachidziwa pakhomo pathu n'chakuti munthu amene wamwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, thupi lake likhoza kumupha. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo umazolowera kukankha kuti ugwirebe ntchito. Chopondereza chikachoka tsiku limodzi, ubongo umapitiriza kukankha popanda choubweza. Zimayamba patangopita maola ochepa, ndipo zimafika poipa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Onjezanipo kutentha kwa Mangochi ndi kusamwa madzi kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Ife tinkaganiza kuti tikuchiritsa munthu.

Lachiwiri makina anabwera pa wilibala. Kwa anthu tinati amalume akudwala mutu, akufuna kusokera pamthunzi. Inali nthawi ya ntchito yambiri, chifukwa banja lililonse limafuna zovala zatsopano za Idi, ndipo nsalu za anthu zinaunjikana pampando mpaka kufika pawindo. Nditabwera kusukulu ndinawapeza atakhala pamakina, malaya atanyowa ngati agwera mumtsinje. Ankayesa kulowetsa ulusi pasingano. Ndinaimirira ndikuonerera. Ulusi unkadutsa kumanzere, kumanja, pamwamba. Pomaliza anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu, n'kuwakhalira. Tsiku lonselo sanasoke ngakhale mzere umodzi. Madzulo, azana yoitanira anthu kumapemphero italira, amayi anaika futali ndi tiyi pamkeka. Amalume anamwa madzi makapu atatu, n'kukasanza onse kuseri.

Wamakala anabwera Lachitatu m'mawa. Ndinali ndisananyamuke. Amayi anamuchingamira pachipata.

"Makala tili nawo okwanira mpaka chaka chamawa," anatero. "Ndikadzakuonaninso pano, mudzabwerera ku Chowe wapansi."

Bamboyo anatembenuza njinga. Amalume anali pakhonde, ndipo anaitsatira ndi maso njingayo mpaka inakhota.

Masana a tsiku limenelo amayi analowa m'bafa, ndipo amalume anandiitana. Ankakonda kunditchula kuti Abiti Mafunso, chifukwa sindinkatha kuona chinthu osafunsa. Mawu awo anali osasa, milomo itang'ambika.

"Abiti Mafunso, tabwera. Wamakala uja amapumira pansi pa mtengo wa bwemba, pamphambano ya kumsika. Ukamuuze kuti andipatse pang'ono. Osati botolo. Kachivundikiro kokha. Kachivundikiro kamodzi basi, ndingogona."

Ndinakana. Ndinakana monyadira, chifuwa chili patsogolo, ngati mwana amene wayankha bwino m'kalasi. Ndinawakumbutsa kuti analumbira. Ndinawauza kuti nanenso ndili ndi ludzu koma ndikupirira.

"Si ludzu ili," anatero. "Iwe, si ludzu. Ndikufa."

Amayi atatuluka ndinawanenera zonse. Anandiyamikira. Anatenga nsapato za amalume ndi mkanjo wawo, n'kuzitsekera m'sutikesi, kuti ngakhale atafuna kuthawa asakhale ndi chovala potuluka. Ndakhala ndikubwerera ku masana amenewo nthawi zambiri. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sayenera kutumidwa kachasu, ndipo sindikunena kuti ndikanapita. Koma mwa anthu atatu amene tinali pakhomopo, amene ankanena zoona zenizeni za thupilo anali amalume, ndipo ndi iwo amene panalibe wowakhulupirira.

Lachinayi ndinabwera kusukulu dzuwa lili paliwombo. Ndisanalowe pachipata ndinamva sizasi ikulira mofulumira, osapumira. Ndinasangalala, ndikuti ayamba kusoka. Ndinawapeza atagwada pakhonde, nsalu yanga yachikasu ili pansi, akuidula tizidutswa tating'onoting'ono.

"Muli linthumbu umu," ankatero. "Likutuluka m'maluwamu. Taona, likukwera. Chemwali, bweretsani phulusa!"

Panalibe nyerere ngakhale imodzi. Ankadzipukuta m'mikono, m'khosi, m'tsitsi. Tepi yoyezera itagwa pampando analumpha kukagunda khoma, akukuwa kuti njoka. Ine sanandizindikire. Ananditchula dzina la mwana wawo wamkazi wa ku Katuli, n'kundifunsa chifukwa chake ndabwera ndi anthu onsewa, pamene pabwalo panali ine ndi amayi basi.

Kukuwako kunadutsa mpanda. Amayi awiri oyandikana nafe analowa, mipango ili m'manja. Mmodzi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Awa ndi majini." Amayi anga anavomera msanga, msanga kwambiri. Sindikudziwa mpaka lero ngati anakhulupiriradi. Chimene ndikudziwa n'chakuti majini sachititsa banja manyazi. Munthu wogwidwa majini anthu amamumvera chisoni, mlongo wake n'kumayendabe mumsika mutu uli m'mwamba.

Anaitana a shehe. Anali nkhalamba yaifupi, ya ndevu zoyera, yoyenda ndi ambulera yakuda chifukwa cha dzuwa. Anawerenga duwa, pemphero lopempha machiritso, atagwira mutu wa amalume. Amayi aja anapempha kuti alembe kombe, mavesi olembedwa m'mbale amene amatsukidwa ndi madzi kuti wodwala amwe. A shehe anati alemba, koma choyamba munthuyu apatsidwe madzi wamba tsopano lino, chifukwa wodwala safunga, ndipo amene akumufungitsa akulakwa. Kenako anatembenukira kwa amayi anga.

"Pali chimene simunandiuze, mama?"

"Palibe, a shehe."

A shehe anawayang'ana nthawi yaitali. Asanayankhe, amalume anauma thupi lonse ngati thabwa, n'kugwa chagada. Mutu unagunda mwendo wachitsulo wa makina. Anayamba kuphupha, zidendene zikumenya simenti, thovu losakanikirana ndi magazi likutuluka pakamwa chifukwa anali atadziluma lilime. Ndikukumbuka phokoso la zidendenezo kuposa china chilichonse. Ndikukumbukanso kuti tizidutswa tachikasu tinamatirira kumsana kwawo konyowa pamene ankawanyamula.

Mwamuna wa mmodzi wa amayi aja anali ndi galimoto yonyamulira nsomba. Tinakwera kumbuyo tonse, amalume atagonekedwa pamkeka, a shehe atawatchingira dzuwa ndi ambulera. Panjira anaphuphanso kachiwiri.

Kuchipatala anawatenga magazi pachala. Dokotala anali mnyamata wamtali, wooneka wotopa, cholembera chili kukhutu. Anatuluka n'kutipeza pakhonde, tonse asanu ndi mmodzi: amayi, ine, a shehe, amayi awiri aja ndi mwini galimoto.

"Wachibale ndani?"

Amayi anaimirira.

"Malungo alibe. Bambowa amamwa mowa?"

"Ife ndife Asilamu, adokotala."

"Sindinafunse za chipembedzo, mayi. Ndafunsa ngati amamwa. Mukandiuza kuti ayi, ndiyamba kufufuza matenda ena, ndipo pamene ndikufufuzapo nthawi ikhala ikutha."

Dzanja la amayi linagwira mkono wanga. Zikhadabo zinalowa. Kudzera pachitseko ndinkaona mapazi a amalume pabedi, akugwedezeka, namwino atawapanikiza mawondo. Ndinkadziwa yankho. Ndinkadziwa tsiku, ndinkadziwa ola, ndinali nditaulawa mowawo ndi pakamwa panga. Tsiku lapitalo ndinali wolimba mtima pokana munthu wodwala, koma pamaso pa amayi anga ndi anthu a mumsewu wathu mawu sanatuluke.

"Samwa," anatero amayi.

Dokotala anayamba kutembenuka.

"Lembani kuti amamwa, adokotala."

Anali a shehe. Sanakweze mawu. Anali atakhala pabenchi, ambulera ili pakati pa mawondo.

"Lachisanu lililonse kumzikiti amaima kumbuyo kwanga, mumzere woyamba. Ndine wokalamba koma mphuno ndili nayo. Tsamba la gwafa silibisa kanthu. Ndinkadikira kuti adzabwere yekha kudzandiuza. Ndadikira nthawi yaitali kwambiri."

Ndinayang'ana amayi awiri aja, ndikuyembekeza kuti adzidzimuka. Mmodzi ankayang'ana pansi. Winayo ankakonza mpango umene unali bwinobwino. Mwini galimoto anakanda m'mutu, n'kuti, "Wamakala uja aliyense amamudziwa." Chinsinsi chimene amayi anali okonzeka kuchisunga mpaka kumanda kwa mlongo wawo chinali chodziwika mumsewu wonse. Amene sankadziwa anali a m'nyumba okha.

"Anamwa komaliza liti?" anafunsa dokotala.

Limenelo a shehe sakanatha kuyankha. Amayi anasiya mkono wanga.

"Lolemba masana," anatero. "Ndinataya ndine. Wonse."

"Ndiye lero ndi tsiku lachitatu." Dokotala analowa mothamanga. Atatulukanso, patapita nthawi, amalume anali atagona tulo, diripi ili pamkono, atabayidwa jekeseni yoziziritsa thupi. Dokotala sanawakalipire amayi. Anangoti, "Munachita bwino kufuna kuti asiye. Koma munthu wofika apa samusiyitsa pakhomo tsiku limodzi. Mukanabwera naye Lolemba lomwelo, tikanamutsitsa pang'onopang'ono ndi mankhwala." Amayi anafunsa ngati achira. Dokotala anati tione mawa.

Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu. Anatuluka atawonda, ali ndi bala kumbuyo kwa mutu, akuyankhula movutikira chifukwa cha lilime. Za linthumbu ndi njoka sankakumbukira chilichonse. Eni nsalu anali atabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, aliyense ndi chifukwa chake chaulemu, n'kupita nazo kwa matelala ena. Pa Idi ndinavala diresi la chaka chapitacho, litafupika, ndipo ndinawakwiyira amalume tsiku lonse. Koma iwo anapita kukaswali, atavala mkanjo woyera, ndipo anthu anawagwira chanza kwa nthawi yaitali. Madzulo a shehe anadzadya kwathu. Aliyense ankanena mawu amodzi: achira. Amayi anabwerera kumsika. Ine ndinamva mawuwo monga ndinkamvera za malungo. Munthu amadwala, amagonekedwa, amatuluka, nkhani yatha.

Idi itapita, makina anabwerera pakhonde la sitolo. Njira ya kusitoloko ndi ya kusukulu kwathu inali imodzi mpaka kupitirira mphambano ya kumsika, pamene panali mtengo wa bwemba. Ogulitsa makala ankatsamiritsa njinga zawo pamenepo m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba amalume anandidikira pachipata, jumbo lili m'manja.

"Tiyendere limodzi," anatero.

Sanachitepo zimenezi chiyambire. Tinayenda bwinobwino mpaka mtengowo utayamba kuoneka. Pamenepo anandigwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chonyowa ndi chozizira, m'mawa wotentha chotero.

"Dzulo munaphunzira chiyani?"

Ndinati za mitsinje.

"Tanena. Yonse. Usasiye."

Ndinatchula mitsinje imene ndinkaidziwa, kumene imachokera ndi kumene imathera. Itatha anati ndiyambirenso. Maso awo anali panjira, kutsogolo kwa mapazi awo, ndipo ankandifinya zala mpaka zinachita dzanzi. Wina pansi pa mtengo anaitana kuti, "Atelala, mwadzuka bwanji?" Iwo sanatembenuke. Titadutsa, anandisiya dzanja, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula thumba la chimanga.

Zinachitika choncho masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lina inali mitsinje, lina samu, lina masura, mitu ya buku lopatulika imene tinkaloweza ku madrasa. Anzanga anayamba kuona. Mtsikana wamkulu ngati ine, wa sitandade sikisi, kugwidwa dzanja ngati wa kumkaka. "Akukuperekeza kuti ungasochere?" ankatero. "Kapena ndiwe ukuwaperekeza ku bala?" Ndinamenyana ndi mmodzi, n'kung'ambiridwa kolala.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinadzuka msanga. Ndinatulukira kuseri, pampata wa mpanda, n'kutsata anzanga njira yachidule yodutsa m'minda. Nditafika pachulu ndinacheuka. Amalume anali ataima pachipata, atavala chisoti choyera, jumbo lili m'manja, akuyang'ana kukhomo la nyumba kuti ndituluke.

Sindikunena kuti anayambiranso tsiku limenelo. Sindikudziwa, ndipo sindinawafunse. Ndikudziwa kuti sanandidikirenso pachipata, kuti pofika pakati pa dzinja anali atayambiranso, komanso kuti anamwalira ndili fomu 3, mimba itatupa, maso ali achikasu. Ndikudziwanso tsopano kuti thupi limasiya kunjenjemera pa sabata imodzi kapena ziwiri, koma chilakolako chimakhala miyezi ndi zaka, ndipo chimadzuka ndi malo, fungo, kapena mawu a munthu wodziwika akupereka moni.

M'mawa umenewo ndinaima pachulu kanthawi kochepa. Anzanga anandiitana, ndipo ndinathamanga kuwatsatira, zala zanga zili zomasuka. Ndinkaona kuti palibe chimene ndalakwa. Anali munthu wamkulu, wochira, wobadwira kwa Mponda komweko, ndipo kuchokera pachipata pathu kukafika kusitolo ndi ulendo wa mphindi khumi. Sindinkamvetsa kuti munthu wotero angafunirenji mwana womuwerengera mitsinje kuti adutse pansi pa mtengo.